Njinga ya Odwala ya pa Degue

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni.

Tsikulo kunatentha monga kumatenthera kuno ku Tete mvula ikachedwa. Mphepo kunalibe. Nyenje zinkalira m'mitengo, kwinaku anthu obwerera kumene akukhoma malata.

Nkhondo itatha, ine ndi mkazi wanga tinabwera kuchokera ku Malawi ndi njinga ziwiri. Magalimoto anali osowa. Ndinagwirizana ndi amuna awiri a mumpingo uno, tinayamba kubwereketsa njinga: munthu amatenga pa Degue n'kukaisiya ku Mpadue, wina n'kubwerera nayo. Mkazi wanga anati, "Bambo, imodzi isamachoke. Ikhale ya odwala." Anaipaka yekha utoto wofiira. Tonse tinavomera.

Tsiku lotenthalo, malungo anamugwira mpaka sankandizindikira. Ndinathamangira pamalo pathu. Njinga yofiira palibe.

"Achimwene, kunabwera wamakala kudzabwereka, njinga zina zonse zitatuluka," anatero wamkulu mwa anzanga awiri aja. "Timati abwera msanga."

Ndinamubereka mkazi wanga ndi kapulana wake, nsalu yake yomanga m'chiuno. Ndinayenda, abale, ndinayenda. Tisanafike kuchipatala, ndinamva mutu wake walemera paphewa panga.

Ntchito ija inakula. Inafika ku Chingodzi, inakhala empreza, kampani yokhala ndi chikwangwani. Ine sindinachoke, sindinakalipe. Anzanga aja ndinkawapatsa moni, n'kumamata matayala. Koma pa Mgonero, chikho chikadzera m'manja mwawo, ndinkachipitiriza osamwa. Munkandiona. Ena munkayesa ndili ndi tchimo lobisa.

Mwezi wathawu, mkazi wa mnzanga wamkulu uja anabwera akuthamanga, wopanda mpango kumutu. "Bambo, anzanu agwa." Anyamata onse a pantchito pathu anali atachoka. Ndinatulutsa yofiira ija, ndinamukweza, ndinamumangirira kumsana kwanga kuti asagwe.

Panjira ndinamva malaya anga akunyowa. Ankalira. Anati, "Achimwene, wamakala uja ndinamupatsa ndine. Mnzathu anandiletsa kamodzi kokha, kenaka anangokhala chete." Ndinati, "Gwiritsani, tikufika." Pamene ndinkapalasa, chinthu chimene chinanditsamwa zaka zonsezi chinatsika chokha.

Wachira, uyo wakhala apoyo. Mkazi wanga sadzabwerera, ndipo ndikadutsa msewu uja mapewa amandiwawabe. Koma lero ndamwa chikho. Ndikuthokoza Mulungu. Kondwerani nane, abale, ngakhale pang'ono.

Onse awiri ndinawakhululukira.