Nsomba pamwamba pa nsanja

Mvula inali itagwa masiku asanu osakata. Pa siteji ya basi, moyang'anizana ndi khonsolo ya katawuni kathu kum'mwera kwa Jeremani, mayi wina ndi bambo wachikulire anausa pansi pa denga limodzi.

"Basi ya kutsidya kwa mtsinje yadutsa kale, bambo?"

"Sindinaione. Ndinu mlendo kuno eti?"

"Tasamuka mwezi watha kuchokera ku Hamburg. Mwana wanga Hauke ali ku sukulu ya mkaka kutsidyako."

"Taonani chizindikiro cha tawuni pakhomo la khonsolopo. Mukuona chiyani?"

"Nsanja ya tchalitchi, pamwamba pake nsomba. Ndimayesa kuno ndi kwa asodzi."

"Asodzi ati? Ife nsomba timadya ya m'chitini. Kalekale mtsinjewu unasefukira. Madzi ataphwa, anapeza nsomba ikuphiriphitha pafupi ndi belu, pamwamba penipeni. Opulumukawo anaijambula kuti adzukulu asamagone tulo."

"Musandiopseze inu! Masiku ano kuli zipupa zotchinga madzi."

"Zilipo. Nthawi imeneyo zinaliponso."

"Foni ya kusukulu sikulowa. Koma basi imeneyi ikuchedweranji?"

"Apolisi atseka mlatho ola lapitalo, mayi. Sibwera."

"Mayo ine! Ndiye mwandiimika pano n'kumandiuza za nsomba?"

"Pakamwa pamandilemera, mwana wanga. Mkazi wanga Irmtraud ali kutsidya komweko, m'nyumba yapansi, ndipo sangakwere masitepe yekha."

"Nanga inuyo mukudikira chiyani pano?"

"Kunyumba kwa mlongo wanga, komwe ndachokera, amangoti ndikhale pansi, ndimwe khofi. Ndimafuna munthu woti tiope limodzi."