Uchi Wonse Unapita ku Chikumbutso

Pa siteji ya basi ku Troyan, chipale chofewa chikusungunuka, Radka anakhala pabenchi atafungatira thumba la zisa zouma za njuchi. Mkulu wina wosamudziwa anasuzumiramo.

"Zakufera, mwana wanga?"

"Ming'oma yonse isanu, agogo. Anandisiyira malemu bambo. Ine njuchi ndazidziwira pamaliro."

"Unaziuza kuti mbuye wazo wapita? Paja timagogoda pamng'oma."

"Ndinagogoda, ndinalira nazo. Sizinathawe."

"Nanga chazipha n'chiyani?"

"Patsiku la makumi anayi chimwalirireni bambo, achibale anati tirigu wophika wa pachikumbutso athiridwe uchi wa bambo, aliyense apitenso ndi botolo lake. Ndinafula wonse."

"Wonse? Chisanu chili pakhomo? Iwe! Unkaganiza kuti zizidya mapemphero?"

"Palibe anandiuza. Azakhali ankangonyambita supuni, amvekere, wadalitsika mwana iwe. Ndatsegula ming'oma dzana, ndapeza zonse zafa, mitu ili m'timabowo ta zisa mopanda kanthu."

"Ali kuti lero azakhali akowo?"

"Anandiimbira dzulo." Radka anamanga kukamwa kwa thumba lija. "Akufunsa ngati chaka chino ndiwasungire mabotolo awiri."