Tinagenda kandege kofunafuna mwana wanga

Zikomo achimwene pondiwerengera kalatayi, Ambuye akudalitseni. Ndine mayi wa ku Zingwangwa.

Chaka chija mvula inagwetsa nyumba kunoko, mtsinje wa Naperi unakokolola mwana wanga wamkazi akuchokera kusukulu. Asilikali anaulutsa kandege kopanda munthu mkati, kokhala ndi kamera, kuti kamufunefune. Koma ife palibe anatiuza. Titakaona kakulira pamwamba pa madenga, wina anakuwa, "Za anamapopa izi!" Azibambo anakagenda mpaka kanagwa, ine nditagwada ndikufuula, "Moto wa Yesu!"

Mwanayo tinamupeza mawa lake m'mabango, thupi likadali lofunda.

Asilikaliwo ndimawathokoza, anayesetsa. Koma amayi anzanga, muzifunsa kaye. Ine thandizo limene Mulungu ananditumizira ndinalithamangitsa ndi pakamwa pangapa.