Lonjezo la ku Yorodano la Bambo Polykarpos Hatziloizou

Malemu Bambo Polykarpos Hatziloizou anabadwa pa 9 Malichi 1931, m'mudzi muno, kumapiri a Pafo. Dzina la Hatzi analitengera kwa agogo awo a Loizos, amene anayenda ulendo wa ku Yerusalemu nakasamba mu Yorodano. Monga mwa mwambo wathu, dzinali limapatsidwa kwa munthu amene wapondadi malo oyera, ana ndi adzukulu n'kumangolitengera.

Sukulu analekeza mu 1943 kuti azisamalira mitengo ya azitona ya bambo awo, ntchito imene anaigwira mpaka mawondo atakana. Mu 1953 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Kallistheni, ndipo anadalitsidwa ndi ana awiri, a Neofytos ndi a Theognosia.

Pa nkhondo ya 1974 a Neofytos, ali msilikali, anasowa. Malemu anagwada m'tchalitchi muno nalumbira kuti mwana wawo akabwerako wamoyo, iwo adzapita okha ku Yorodano, dzina lisakhale longotengera. Mwana anabwerako, koma malemu sanapite. Sitima ankaiopa, ndege ndiye osanena. Chaka chilichonse ankati anyamuka akakolola azitona, akakolola ankati adikire mafuta ayengedwe. Anzawo omwa nawo khofi ankawaseka kuti ndi Hatzi wa pakhonde, iwo n'kumaseka nawo. Koma ife a m'nyumba tinkaona zina. A Neofytos akangotsokomola, malemu ankaganiza kuti Mulungu wabwera kudzatenga mwana amene anawabwezera.

Mu Novembala 2010 anayamba kudwala mtima. Imfa yawo sankaiopa. Chimene chinkawadya n'chakuti iwo akapita, lumbiro losakwaniritsidwa lija ligwera mwana wawo. Anatigwira manja natilamula kuti pamtanda wa pamanda awo tisalembe Hatzi mpaka wina wa magazi awo atalowa mu Yorodano m'malo mwawo. A Neofytos, amenenso thanzi lawo si labwino, ananyamuka Lachitatu lapitali. Mawa lake, pa 3 Febuluwale 2011, malemu anatisiya akufunsa ngati mwana wawo wafika kumadzi. Ndinene zoona pamaso panu, mpaka pano sitinamve chilichonse, mitima yathu ili m'mwamba.

Malemu asiya mayi a kunyumba, ana awiri ndi adzukulu asanu. Tikuthokoza bambo wansembe, madokotala, amayi amene aphika tirigu wa maliro, ndi nonse amene mwatikhazika mtima pansi masiku ano.

Mukafika kumanda muona mpata wopanda zilembo kutsogolo kwa dzina lawo. Mmisiri sanalakwitse ayi, mpatawo ukudikira a Neofytos. Tiwapempherere abwereko amoyo kachiwiri, kuti mzimu wa bambo awo uuse mumtendere.