Njinga imene inamangitsa amuna anga

Abale anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ndine Velonika wa kufupi ndi Fonte Boa, ndipo ndikuuzani za nthawi imene amuna anga anamangidwa chifukwa cha ndalama zosadziwika kochokera.

Inali nthawi ya nkhondo, Apwitikizi asanachoke. Kachewere wathu anapsa ndi chiwawu, pakhomo n'kusowa chogulitsa. Amuna anga, a Fabiyao, anali atagwirako ntchito yophika ku Beira, ndipo anabwerako ndi thumba la zithunzi za osewera mpira, timbendera ndi mabaji a matimu a ku Ulaya. Asilikali achinyamata Achipwitikizi a ku Vila Coutinho, polakalaka kwawo ku Ulaya, ankazikonda zinthuzi. Bambowo anayamba kugula kwa uyu n'kugulitsa kwa uyo. Mchere, sopo, msonkho, mpaka njinga, zonse zinachokera mmenemo, koma malondawo sanalembedwe paliponse.

Njingayo ndiyo inatiputira tsoka. Wina anakanena kuboma kuti munthu amene sanakolole sangagule njinga, ndiye kuti akulipidwa ndi ankhondo a kutchire. Masipayo, apolisi a nthawiyo, anabwera n'kuwamanga ana akuona. Nditapita kukadandaula, anangondifunsa kuti, "Mayi, pepala la malondawo lili kuti?" Ndinalibe. Anzanga anayamba kundilambalala pachitsime, poopa kutchulidwa nawo. Ana ankagonera maungu. Kupemphera kwenikweni kunandikanika, ndinkangogwada n'kunena kuti, "Ambuye, Inu munaona."

Tsiku lina ndikupalira nyemba, galimoto ya asilikali inaima pamsewu. Ndinati abwera kudzatentha nyumba. Anatsika mzungu wowonda, woyendetsa galimotoyo, nalankhula Chinyanja chothyokathyoka: "Fabiyao ali kuti? Anandilonjeza mbendera ya timu ya kwathu." Ndinamufotokozera ndikulira. Anavula chipewa n'kumapita.

Ndinamva pambuyo pake kuti anasonkhanitsa anzake, aliyense atanyamula chimene anagula kwa amuna anga, n'kukaziyala pa tebulo la mkulu wa boma. Mlandu unathera pomwepo. A Fabiyao anabwera wapansi, manja atatupa ndi zikwapu moti sankatha kugwira khasu. Njinga sanatibwezere. Koma anabwera amoyo, pamene ambiri otengedwa choncho sanaonekenso.

Ndimayamika Mulungu amene anatuma mboni kuchokera pakati pa anthu amene ndinkawaopa. Inu amene mwasowa wokuimirani pa mlandu wanu, musasiye kugwada. Mboni yanu ikhoza kukhala ili kale panjira.