Mwana wanga anatsala pang'ono kupita ku Joni osanditsanzika

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene mukuwerenga mawu awa. Ndine bambo wa ana atatu, ndimakhala ku Mpingwe, ndipo ndimayang'anira katundu m'shopu ina yaikulu ku Limbe. Kutchalitchi ndine mkulu wa mpingo. Umboni wanga si wa matenda kapena wa kutha kwa ntchito. Ndi wa mwana wanga wamkazi, Tiyamike, amene ndinatsala pang'ono kumutaya ali moyo, womuthamangitsa ndili ine ndemwe.

Tiyamike ndi mwana wanga wachisamba. Atasankhidwa kupita kukoleji ku Chichiri, maphunziro ndinamusankhira ndine, a uinjiniya, ngakhale iye mtima wake unali pa kusoka zovala. M'chaka chachiwiri analephera mayeso, ndipo anandibisira. Nkhaniyo ndinaimvera kwa mkulu wa mpingo mnzanga, ndipo manyazi amenewo anandilowa m'mutu. Ndinamulanda foni n'kuwerenga mauthenga ake onse, ndinamukalipira pamaso pa azing'ono ake, ndinakamuneneza kwa abusa. Lamlungu lina masana atandiyankha, ndinamuuza kuti akangotuluka pageti asadzabwererenso. Anatenga kachikwama kake n'kutuluka.

Panapita miyezi inayi. Ndinkangomva kuti akukhala ndi mnzake ku Chilomoni. M'nyumba mwathu munalowa chete woopsa. Mayi a Tiyamike ankandiyankha zofunika zokhazokha, ndipo ana awiri otsalawo akamva phazi langa ankalowa kuchipinda. Ine ndinkapemphera ndi kusala kudya, koma pemphero langa linali limodzi: Mulungu aswe mtima wa mwanayo kuti adzagwade pamaso panga. Olakwa onse ndinali nditawapeza, anzake, foni, mayi ake omulekerera. Magazi anayamba kuthamanga, mutu sunkapola, kuntchito ndinkazazira aliyense.

Lolemba lina m'mawa ndikumanga nsapato, mayi a Tiyamike anaima pakhomo la chipinda. Anati, “Bambo a Tiyamike, mwana wanu akukwera basi ya ku Joni Loweruka. Pali mayi wina wamulonjeza ntchito yosoka, ndipo pasipoti yake ili kale m'manja mwa mayiyo. Sitikumudziwa.”

Nkhani za atsikana opita kunja motere n'kusowa ndinali nditazimvapo. Koma m'malo molira ndinakuwa. Ndinati ndikatenga apolisi, ndikamukoka pabasi pomwepo anthu akuona. Mkazi wanga anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti ndikachita zimenezo, iyenso alongedza apite kwawo.

Lachiwiri masana ndinadzitsekera mosungira katundu, pakati pa makatoni a sopo. Kwa nthawi yoyamba sindinamuuze Mulungu chochita. Ndinangoti Ambuye, nzeru zandithera, nditumizireni aliyense. Nditatuluka ndinalalatira kasitomala wina pa nkhani yopanda pake, ndipo amene anandiona anali Mayi Fatima, mlongo wa abwana anga. Ndi mayi wachikulire, wa banja lachimwenye lomwe lakhala ku Limbe kuyambira makolo awo, ndipo Chichewa amalankhula ngati ife tomwe. Anandiitanira pambali n'kundifunsa chomwe chavuta. Sindidziwa chifukwa chake, koma ndinawauza. Apo m'pamene ndinadziwa kuti anaphunzira za uphungu, ndipo amalandira anthu m'kachipinda ka nyumba ina yakale ku Sunnyside. Anati ndipite mawa lake.

Ndivomere pano kuti ndinalimbana nazo. Ine mkulu wa mpingo, wolangiza mabanja a anthu, ndikakhale pansi pamaso pa mayi wachisilamu? Koma ndinali nditapempha aliyense, ndipo Loweruka linkayandikira. Ndinapita.

Ndinayankhula nthawi yaitali, kuwerenga zolakwa za Tiyamike chimodzichimodzi. Mayi Fatima sanandidule, komanso sanafune kudziwa wolakwa ndani. Nditamaliza anandifunsa chomwe ndikufuna. Ndinati ndikufuna mwanayo azindimvera. Anafunsa ngati ndingakhutire atamandimvera koma akudana nane moyo wake wonse. Kenako mawu anatuluka okha, akuti ndikufuna akhale moyo, akhale pafupi, azinditchulabe adadi.

Anatenga pepala n'kundipempha nditchule zomwe ndakhala ndikuchita kuti ndipeze chimenecho. Analemba: kukalipa, kuopseza, kufufuza foni, kumuchititsa manyazi, kumuneneza. Anandipatsa pepalalo n'kufunsa ngati zimenezo zamubweretsa pafupi kapena zamukankhira kutali. Ndinaimirira, ndinagwira chitseko kuti ndituluke, n'kunena kuti mwanayo ndiye anandichititsa zonsezo.

Anati, “Bambo, palibe anakugwirani lilime kapena dzanja. Munasankha nokha, ndipo n'chifukwa chake mukhoza kusankha zina. Tiyamike simungamuyendetse. Munthu mmodzi yekha amene mungamuyendetse pa nkhani iyi ndi amene wagwira chitseko changayu.”

Ndinayang'ana dzanja langa lili pachitseko. Ndinabwerera pampando ngati munthu wodwala.

Tinagwirizana zinthu zochepa, zonse zodalira ine osati mwanayo. Ndimupemphe tikumane, osamuitanitsa. Ndipepese popanda mawu akuti koma. Ndimumvetsere mpaka amalize. Mantha anga ndiwanene ngati mantha, osati ngati lamulo. Chovuta kwambiri chinali chomaliza: anandiuza kuti ngakhale ndichite zonsezi, mwanayo akhoza kukwerabe basi, ndipo ndisankhiretu kuti adzanyamuke ali ndi bambo woti angamuimbire zikamuvuta, kapena alibe.

Lachinayi ndinayamba ndi mkazi wanga. Ndinamupepesa, ndipo iye anangotenga foni yake n'kutumiza uthenga wanga kwa Tiyamike. Tsiku lonse linadutsa opanda yankho. Lachisanu m'mawa yankho linabwera: tikumane ku Chichiri panja pa mashopu akuluakulu aja, nthawi ya nkhomaliro, kwa mphindi khumi basi.

Minibasi inkaima paliponse kufuna anthu, ine thukuta lili kamukamu. Ndinamupeza ataima pamthunzi, atapinda manja, ataonda. Lilime langa linafuna kuyamba ndi funso lakuti waona zomwe wadzichita. Ndinalimeza. Ndinati, “Mwana wanga, ndinakulakwira. Ndinakuchititsa manyazi ndipo ndinakuthamangitsa pakhomo pa kwanu. Sindinabwere kudzakuletsa. Ndabwera kudzakumvera.”

Anayamba pang'onopang'ono, kenako zonse zinakhuthuka. Ananena za maphunziro omwe sanawafune, za mantha omwe ankakhala nawo akamva ndikutsegula geti, zoti anabisa mayeso aja chifukwa ankadziwa kuti sindidzafunsa chomwe chinavuta. Zina zinandibaya, zina ndinkaona kuti sizinali choncho, ndipo kangapo pakamwa panatseguka. Ndinagwira bondo langa mwamphamvu n'kukhala chete. Mphindi khumi zija zinasanduka ola lathunthu.

Pomaliza ndinamuuza kuti ndikuchita mantha, ndipo ndinamupempha chinthu chimodzi, kuti asanakwere basi apemphe pasipoti yake ikhale m'manja mwake, ndiponso mayi uja amuuze dzina ndi malo a kuntchitoko. Ndinati akapita, foni yanga idzakhala yotsegula. Anangoti aganiza, n'kutembenuka. Sananditsanzike.

Loweruka m'mawa miyendo inkandiyabwa kuti ndithamangire kokwerera mabasi. Kawiri ndinavala jekete, kawiri ndinalivula. Tinakhala pabalaza ndi mkazi wanga, foni ili patebulo, tikupemphera mawu osamveka bwino. Naini koloko inadutsa, teni inadutsa. Itatsala pang'ono kukwana leveni, foni inalira.

Anali Tiyamike. Anati atapempha pasipoti ija, mayi uja anakana, kenako anayamba kumuopseza. Iye anatsitsa chikwama chake n'kuchokapo. Ndinamufunsa ngati angalole kuti ndipite komwe anali.

Anati, “Bwerani, adadi.”

Musaganize kuti zonse zinakonzeka tsiku lomwelo. Sanabwerere kunyumba, anasankha kukakhala kaye kwa azakhali ake, ndipo ndinavomera ngakhale zinandiwawa. Za pasipoti anaganiza yekha zokanena kupolisi, ine ndinangomuperekeza. Kwa Mayi Fatima ndinapitako maulendo ena angapo, chifukwa khalidwe la zaka zambiri silichoka ndi kupepesa kumodzi. Lero Tiyamike akuphunzira kusoka ku Limbe, ndipo masiku ena amadutsira kuntchito kwanga kuti tikwere minibasi limodzi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera pakhomo lomwe ine sindikanagogodapo. Ndikuthokoza mkazi wanga amene anapirira nane, ndi mayi amene sanaope kundiuza zoona.

Inu amene muli ndi mwana, mwamuna, mkazi kapena m'bale amene mwatalikirana naye, musaleke kupemphera, ndipo musataye mtima yankho likachedwa. Koma popempherapo funsani Ambuye akuonetseni mbali yomwe ili m'manja mwanu, ndipo musachite manyazi kukafuna uphungu. Ine ndemwe ndimapunthwabe. Sabata yathayi ndinakalipira mwana wanga wotsiriza popanda chifukwa chenicheni, ndipo ndinayenera kukagogoda pachitseko chake kukapepesa. Ananditsegulira. Ambuye alemekezeke, ndipo akupatseni mphamvu yoyamba inu.