A Kachingwe Akuti Sanasowe

Omvera athu a mu Kafue ndi m'mbali mwa mtsinje, magetsi anatithawa sabata yonse, ndiye zilengezo zanu zinaunjikana. Tiziwerenga monga zinafikira.

Cha Lolemba. A Wenceslaus Kachingwe, wapampando wa bungwe la abambo ku Nangongwe, akudziwitsa mamembala onse kuti holo ya bungwe siperekedwa kwa a Ferdinand Tembo, mlangizi amene akufuna kumasonkhanitsa amuna kuti azikamba zowavuta mumtima. A Kachingwe akuti holoyo anaimangira misonkhano ya maliro ndi maukwati, osati kulirirana. Akuti iwo amera imvi osadandaulapo kwa munthu, ndipo aliyense akuona mmene alili athanzi. Chilengezochi chachokera kwa wapampando mwiniwake.

Cha Lachitatu. Mayi Elina Kachingwe akudziwitsa abale ndi abwenzi ku Chawama, ku Mazabuka ndi kumudzi ku Dedza, makamaka alamu awo a Dennis, kuti amuna awo a Wenceslaus sanabwere kunyumba chichokereni dzulo m'mawa. Anavala ovolosi ya buluu, atanyamula kontena ya nshima monga masiku onse. Mayiwa atakafunsa kufakitale, anauzidwa pageti kuti ntchito ya amuna awo inatha mvula isanayambe. Amayi ogulitsa nthochi pasiteshoni ya sitima akuti bamboyo amaswera pabenchi pomwepo mpaka nthawi yoweruka. Mayi Elina akuti: "Atate ake a Yankho, ngati mukumva, bwerani. Ine ndinakwatiwa ndi inu, sindinakwatiwe ndi fakitale." Chilengezochi chachokera kwa Mayi Elina ndi ana.

Cha Lachinayi. A Fackson Mweemba, msodzi wa ku Chanyanya, akudziwitsa amene asowa m'bale wawo kuti lero m'mawa apeza bambo wa ovolosi ya buluu atakhala m'bwato lawo, nsapato atazisiya pamtunda, maso ali pamadzi akuya. A Fackson anangomuuza kuti, "Ba mudala, tsikani mundigwirireko ukonde, wang'ambika." Akusoka ukondewo bamboyo anayamba kulankhula, ndipo analankhula mpaka dzuwa kufika pamutu, misozi ili chuchuchu. A Fackson akupepesa kuti khutu lawo lakumanzere silimva, choncho zambiri zinawadutsa, ankangovomera ndi mutu. Komabe amukweza panjinga kupita naye kwa a Ferdinand Tembo, amene anawathandiza iwonso mwana wawo atamira chaka chatha. Chilengezochi chachokera kwa a Fackson Mweemba, padoko la Chanyanya.

Cha Lachisanu. A Ferdinand Tembo akudziwitsa amuna onse kuti zokambirana za Loweruka lililonse zikupitirira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Zokambidwa pamenepo zimathera pomwepo. Sasimba amene anabwera, ngakhale atafunsidwa ndi wapolisi kapena apongozi. Chilengezochi chachokera kwa a Tembo.

China cha Lachisanu lomwelo. A Wenceslaus Kachingwe akudziwitsa mamembala kuti ali kunyumba, ndipo sanasowe monga anthu akufalitsira. Anangopita ku Chanyanya kukaona nsomba. Akudziwitsanso kuti komiti yaganiza mwakuya n'kuona kuti si ulemu abambo akuluakulu kumagweredwa ndi mango pamutu, choncho a Tembo alowe m'holo kuyambira mawa. A Kachingwe azipezekapo chifukwa makiyi amasunga ndi iwo. Chilengezochi chachokera kwa wapampando. Komitiyo sitinaione itasaina.

Chomaliza chafika lero. Mayi Elina Kachingwe akuthokoza a Fackson Mweemba, azimayi a kutchalitchi amene anazungulira nawo m'zipatala, ndi alamu awo a Dennis, amene anabwera kuchokera ku Mazabuka atavala kale zakuda. Akuti ntchito sinapezeke, ndipo bambo masiku ena amadzuka mtima uli wolemera. Koma tsopano amanena. Akupempha onse obwera kudzawazonda kuti asafunse "muli shani", ndiye kuti muli bwanji, ataimirira pakhomo, dzanja lili pa njinga. Alowe, akhale pansi, chifukwa masiku ano bambo akumayankha funsolo, ndipo yankho lake ndi lalitali. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Elina, ku Nangongwe.